Lero Magalimoto Apuma

Lero magalimoto apuma.
Awatsekera m'magalaja ngati agalu olusa,
msewu wawo atibwereka ife,
a miyendo iwiri, a nambala pachifuwa,
kuno ku mapiri a ku Belgium
komwe mitengo ya paini imaima duu ngati ili pamaliro.

Akuti galimoto imazungulira bwalo lonseli
madzi a tiyi asanawire.
Ine ndizungulira kasanu ndi kamodzi,
makilomita asanu ndi awiri ulendo uliwonse,
ndipo palibe wondisinthira matayala.

Ulendo woyamba ndinaseka.
Phula losalala ngati mbale, lopanda dzenje ngakhale limodzi,
mizere yofiira ndi yachikasu m'mphepete,
mipando zikwizikwi yopanda munthu
ikutiyang'ana kukamwa kuli yasa.
Pa kanema chitunda chija chimaoneka ngati khwinya la nsalu.
Kanema ndi wabodza.
Umatsika, umatsika, mawondo akukondwa,
kenaka msewu umaimirira pamaso pako ngati khoma
n'kukufunsa dzina.

Pakona ya kumtunda pali nkhalamba, Firmin,
wa jekete lofwifwa ndi dzuwa.
Zaka makumi atatu wakupiza mbendera pamenepa,
khutu lakumanzere linagontha kalekale.
Lero wanyamula makapu a pepala.
Akuti, “Tsiku limodzi lokha pachaka
ndimamva mbalame pakona ino,
ndi injini zothokoza zikamwa.”

Ulendo wachitatu mvula inagwa kumtunda kokha,
kumunsi dzuwa lili phwee.
Ndinanyowa, ndinauma, ndinanyowanso.
Ndinayamba kuwerenga zipsera za phula:
mizere iwiri yakuda yopita molunjika
pamene msewu unakhota,
n'kukathera pa mulu wa matayala.
Wina anafika apa ndi liwiro limene sindidzalidziwa,
mtima uli m'khosi ngati wangawu.

Wachinayi sindiukumbuka.

Wachisanu, pa chitunda chija, ndinayenda.
Ndinene zoona: ndinayenda, manja pa mawondo,
minofu itauma gwa ngati chikuni.
Mayi wina, dzina lili pamsana, Maëlle,
anandipeza.
Ndinamva pambuyo pake kuti ndi wophika buledi m'tauni ya kumunsiko,
anadzuka usiku kukanda ufa asanavale nsapato.
Sanandifunse kanthu.
Anangochepetsa liwiro n'kuyamba kuwerenga mokweza m'Chifalansa.
Chifalansa sindichidziwa,
koma phazi linamva
kuti pa nambala iliyonse liyenera kutera.
Tinafika pamwamba ngati ngolo imodzi,
kenaka iye anapita.

Ulendo womaliza makapu anali atamuthera Firmin.
Anasolola m'thumba mbendera yabuluu,
ija youza woyendetsa kuti
waliwiro kuposa iwe ali pambuyo, mpatukire,
nandikupizira akuseka, mano awiri okha.
Ndinacheuka. Kunalibe munthu.
Chifunga chokha chikutsika m'mapaini.
Ndinachipatukira.

Pamzere wa timabokosi takuda ndi toyera
wotchi yozolowera kugawa sekondi m'zidutswa chikwi
inandilembera maola anayi, mphindi makumi asanu ndi ziwiri,
ndi tizidutswa take tomwe, mosanyoza.
Ndinakhala pansi pomwe imaima galimoto yotsogola,
ndinavula nsapato. Chikhadabo chimodzi chada bii.
Phula linali lofunda ngati msana wa chamoyo.
Maëlle anadutsa atafunda chipepala chonyezimira,
ananyema buledi, theka m'dzanja langa,
nandionetsa zala zinayi, kenaka mwendo wake, kenaka mutu,
sindinamve, koma tinaseka.

Mawa adzatsegula magalaja.
Thukuta lathu lidzafufutika ulendo umodzi usanathe,
mbalame za Firmin zidzabwerera kuthengo.

Madzulo, m'basi yopita ku siteshoni,
msewu utayamba kukwera,
dalaivala anabweza giya, injini inabuula,
ndipo pansi pa mpando, m'masokosi onyowa,
zala zanga zinayamba kuwerenga.